Kamba wa Zaka 10,000: Chimene Osema a ku Japan Ankanena

M'nthano zimene ambirife tinamva tili ana, kamba kapena kuti fulu ndi kanyama kochenjera, kamene kamapambana ndi nzeru pamene anzake akudalira liwiro ndi mphamvu. Anthu a ku Japan nawonso amamulemekeza kamba, koma pa chifukwa china. Kwa iwo kamba ndi chizindikiro cha moyo wautali. Ali ndi mwambi wakale wonena kuti tsuru, mbalame ya miyendo italiitali yofanana ndi dokowe, imakhala ndi moyo zaka 1,000, pamene kamba amakhala zaka 10,000.

Kwa zaka zoposa 1,300 amisiri a dzikolo akhala akusema kamba pamwala, pamtengo ndi pamnyanga, ndiponso kumuumba ndi mkuwa. M'nkhani ino ndifuna titsate mbiri ya kamba wosemedwayo, kuyambira m'manda a anthu achifumu kufikira m'chiuno mwa munthu wamalonda, kuti tione chimene amisiriwo ankatanthauza. Mfundo yanga ndi yakuti iwo sankangowerenga zaka ayi. Mukayang'anitsitsa ntchito zawo mudzaona kuti kamba wawo kawirikawiri amakhala ndi mnzake, kapena ana, kapena katundu kumsana. Moyo wautali umene ankaufuna unali wokhala pamodzi ndi ena.

Kumene Ganizoli Linachokera

Monga zilili ndi zilembo zawo, a ku Japan anatengera ulemu wa kamba ku China. Zaka zoposa 3,000 zapitazo mafumu a mzera wa Shang, amene likulu lawo linali pafupi ndi mzinda wa Anyang, ankaombeza ndi zigoba za akamba. Woombeza ankawotcha chigoba ndi moto mpaka chitang'aluka, kenaka n'kumasulira ming'aluyo, ndipo funso la mfumu linkazokotedwa pachigoba pomwepo. Akatswiri anazindikira zolemba zimenezi m'chaka cha 1899, ndipo ndizo zolemba zakale kwambiri za Chitchaina zimene zilipo. Kotero kuyambira pachiyambi kamba ankaoneka ngati nyama yodziwa zobisika, chifukwa cha kukhalitsa kwake padziko.

Mwambo woombezawu unawoloka nyanja n'kufika ku Japan, kumene fuko la Urabe ndilo linkagwira ntchitoyi kubwalo la mfumu. Ndipo sunatheretu. M'mwezi wa May 2019, Mfumu Naruhito italowa ufumu, akuluakulu a kunyumba yachifumu anawotcha chigoba cha kamba pofuna kudziwa zigawo zimene zidzalime mpunga wa mwambo wa ufumuwo. Maere anagwera zigawo za Tochigi ndi Kyoto.

Kuchokera ku China komweko kunabweranso chikhulupiriro cha zamoyo zinayi zolondera mbali zinayi za dziko. Kum'mawa kunali chinjoka, kumadzulo nyalugwe woyera, kummwera mbalame yofiira, ndipo kumpoto kunali kamba wakuda wokulungidwa ndi njoka, amene a ku Japan amamutcha Genbu. M'dera la Asuka, kumene kunali likulu lakale la dzikolo, muli manda awiri a chakumapeto kwa zaka za m'ma 600 kapena kuchiyambi kwa zaka za m'ma 700. Zithunzi za m'manda a Takamatsuzuka zinapezeka mu 1972, ndipo mu 1983 ofufuza anaona Genbu pakhoma la manda a Kitora. M'manda onse awiri kamba ali pakhoma la kumpoto, akulondera wakufayo. Genbu yemweyo anaumbidwanso ndi mkuwa patsinde la fano lalikulu la m'kachisi wa Yakushi-ji ku Nara. Kachisi ameneyu analumbira kuti amumanga ndi Mfumu Tenmu m'chaka cha 680, popempherera mkazi wake amene ankadwala kuti achire. Apa tikuona kale chinthu chimene chidzabwerezedwa m'mbiri yonseyi: munthu akupemphera moyo wa mnzake, osati wake.

Ku Asuka komweko kuli chimwala chachikulu chotchedwa Kameishi, kutanthauza mwala wa kamba, chotalika mamita oposa 3, chosemedwa nkhope ya kamba wooneka ngati akuwodzera. Anthu a kumeneko amasimba kuti tsiku limene chimwalachi chidzayang'ane kumadzulo, chigwa chonse cha Nara chidzasanduka nyanja ya matope. M'chaka cha 2000 ofukula zakale anapezanso chapafupi beseni lamwala losemedwa ngati kamba, loti madzi azilowera kumutu n'kutulukira kumchira.

Mafumu ankamutenga kamba ngati umboni wakuti kumwamba kwavomereza ulamuliro wawo. Ku Japan zaka zimawerengedwa m'nyengo zokhala ndi mayina, ndipo m'zaka za m'ma 700 nyengo zitatu zinatchedwa dzina la kamba: Reiki mu 715, Jinki mu 724 ndi Hoki mu 770. Nthawi zonse zitatu munthu wina anali atabweretsa kamba wachilendo kubwalo la mfumu, ndipo nthawi zonse zitatu kunali kulowa kwa wolamulira watsopano. Ife amene timadziwa mmene maboma amagwirira ntchito sitingadabwe kuti akamba odabwitsawo ankapezeka pa nthawi yeniyeni imene ankafunika.

Kamba wa Mchira wa Ndere

Munthu woona koyamba kamba wosemedwa ku Japan amadabwa ndi chinthu chimodzi: kumbuyo kwake kumakhala chinthu chonga mchira wa ubweya wautali, woyalika ngati tsache. Umenewu si mchira koma ndere. Kamba wa m'madzi akakhala nthawi yaitali m'dziwe, ndere zobiriwira zimamera pachigoba chake, ndipo akamasambira zimakokeka pambuyo pake. A ku Japan anaona kuti nderezo zikufanana ndi mino, chofunda chaudzu chimene alimi ankavala podziteteza ku mvula, ndipo anamutcha kamba wotere minogame.

Minogame ndiye kamba wa zaka 10,000 uja. Taonani nzeru ya amisiriwo. Pofuna kusonyeza ukalamba wolemekezeka sanamuveke kamba chisoti chachifumu, koma anamuveka chovala cha mlimi. Zaka zake zikuoneka pa zimene zamera pamsana pake ndipo akuyenda nazo.

Kamba ameneyu ankasenzanso katundu wina wolemera kuposa ndere. Nthano za ku China zimasimba za phiri la pachilumba cha kunyanja ya kum'mawa, kumene kumakhala anthu osafa. A ku Japan amalitcha Horai, ndipo kawirikawiri amalijambula litakhala pamsana pa kamba wamkulu, pamodzi ndi mitengo ya paini ndi mbalame za tsuru. Ganizo lomweli linalowa ngakhale m'minda yokongoletsa akachisi. Pakachisi wa Konchi-in ku Kyoto pali munda umene unakonzedwa ndi katswiri Kobori Enshu n'kutsirizidwa cha m'ma 1632, m'mene mulu umodzi wa miyala ukuimira tsuru ndipo wina ukuimira kamba, ziwirizo zikuyang'anizana.

Kamba ndi tsuru sankalekanitsidwa makamaka paukwati. Pazokongoletsa za ukwati pankakhala tizifanizo ta nkhalamba ziwiri za m'nthano ya Takasago, mwamuna ndi mkazi wake, wina atanyamula chopalira masamba, wina tsache, ataima patsinde pa paini, kamba ndi tsuru zili pambali pawo. Akwati ankafuniridwa kuti akalambe limodzi monga awiriwa. Momwemonso Jurojin ndi Fukurokuju, awiri mwa milungu isanu ndi iwiri ya mwayi amene amaimira moyo wautali, nthawi zambiri amasemedwa ali ndi kamba pafupi.

Kamba wa M'chiuno

Kamba anafika m'manja mwa anthu wamba m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, pamene dziko linkalamulidwa ndi banja la Tokugawa. Chimene chinamufikitsa kumeneko ndi vuto laling'ono la kavalidwe. Chovala chawo cha kimono chilibe matumba. Mwamuna akafuna kunyamula ndalama, mankhwala, chidindo kapena fodya ndi kaliwo wake, ankaziika m'kathumba kapena m'kabokosi komangirira ku chingwe. Chingwecho ankachipisa kunsi kwa lamba wansalu wa m'chiuno, ndipo kuti chisapulumuke ankamangirira kanthu kolimba kumapeto kwake, kamene kankakhala pamwamba pa lambayo. Kanthu kameneka ndiko netsuke.

Poyamba netsuke inali chabe kachidutswa ka muzu, kachikho kapena kachigoba. Koma fodya, amene anabwera ndi Apwitikizi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, atafala, amuna ochuluka anayamba kuyenda ndi kathumba m'chiuno, ndipo amisiri anapeza msika. Panalinso chifukwa china. Boma la Tokugawa linkaika anthu m'magulu: asilikali otchedwa samurai pamwamba, kenaka alimi, amisiri, ndipo amalonda pansi penipeni. Komatu amalondawo ndiwo anali ndi ndalama, ndipo boma linkatulutsa malamulo oletsa anthu wamba kuvala modzionetsera. Munthu wachuma wa ku Osaka amene sankaloledwa kuvala ngati bwana ankatha kuika chuma chake pa kanthu kakang'ono kolowa m'chikhatho. Pofika 1781 luso limeneli linali litakula kotero kuti Inaba Tsuryu wa ku Osaka anatulutsa buku lotchedwa Soken Kisho, m'mene anatchulamo osema netsuke oposa 50.

Netsuke yabwino inali ndi malamulo ake. Inkayenera kukhala yaing'ono, ya masentimita 3 mpaka 5, yosalala ndi yopanda nsonga zong'amba nsalu kapena zothyoka msanga, ndiponso yokhala ndi timabowo topisamo chingwe. Pa zonsezi kamba ankakwanira ngati kuti analengedwera ntchitoyi. Akabisa mutu ndi miyendo amakhala wobulungira kale. Amisiri ankagwiritsa ntchito mtengo wolimba wotchedwa tsuge, mnyanga wa njovu, nyanga za mbawala ndi mano a nguluwe, ndipo ankazokota kagawo kalikonse ka chigoba, mamba a m'miyendo ndi zikhadabo zomwe. Mtengowo ukagwiridwa ndi manja kwa zaka zambiri umada ndi kunyezimira, kotero kuti netsuke ya kamba imakongola pamene ikukalamba.

Chimene ndifuna muchione ndi ichi. Mwa netsuke za akamba zimene zasungidwa, zambiri si za kamba mmodzi. Zilipo zosonyeza kholo litabereka mwana kumsana, ndipo zina ndi mulu wa akamba atatu, asanu kapena kuposerapo, atakwerana monga amachitira powothera dzuwa pamwala. Tanthauzo lake linali lodziwika kwa aliyense: moyo wautali pamodzi ndi mbumba yochuluka, ana ndi zidzukulu. Munthu wovala kanthu kotere m'chiuno ankayenda ndi pemphero la banja lake lonse.

Ngakhale kamba yense akapanda kusemedwa, chigoba chake chinkaoneka. Tizigawo ta chigoba cha kamba tili ndi mbali zisanu ndi imodzi, ndipo maonekedwe amenewa, otchedwa kikko, anafalikira pansalu, pazovala zankhondo, pazosema za m'nyumba ndi pazizindikiro za mabanja. Amene munaonapo botolo la msuzi wa soya wa Kikkoman m'sitolo, munaona mwambi uja osadziwa. Dzinalo ndi kikko, chigoba cha kamba, kuphatikiza man, kutanthauza 10,000, ndipo chizindikiro chake ndi chilembo cha 10,000 chili m'kati mwa kagawo ka chigoba.

Mwana Aimikira Bambo Wake Kamba

Pamene amalonda ankavala akamba ang'onoang'ono, mabanja a mafumu a m'zigawo ankasemetsa akuluakulu. Anatengera mwambo wa ku China woimika chipilala cha chikumbutso pamsana pa kamba wamwala, kuti dzina lolembedwapo likhalitse monga kambayo. Zipilala zotere zilipo pamanda a banja la Ikeda ku Tottori ndi pakachisi wa Toko-ji ku Hagi.

Chodziwika kwambiri chili pakachisi wa Gessho-ji mumzinda wa Matsue, pamanda a banja la Matsudaira. Kumeneko kuli chikamba chamwala chimene chatukula mutu pamwamba, chitasenza chipilala chachitali. Anachiimika ndi Matsudaira Harusato, wolamulira wachisanu ndi chiwiri wa banjalo, bambo wake Munenobu akadali moyo, powafunira masiku ambiri. Anthu a mumzindawo anayamba kusimba kuti chikambacho chimayenda usiku, ndipo mlembi Lafcadio Hearn, amene anaphunzitsa ku Matsue kuyambira 1890, anailemba nthanoyi. Alendo amasisita mutu wake pofuna moyo wautali. Komabe mwini wake weniweni wa pemphero limene lili pamwalawo ndi mwana amene sankafuna kusiyana ndi bambo wake.

Chenjezo la Urashima

Tsopano tifike pa nthano imene osema netsuke ankaikonda, ndipo mwana aliyense ku Japan amaidziwa. Ndi nthano yakale kwambiri, pakuti inatchulidwa kale m'buku la mbiri la Nihon Shoki la m'chaka cha 720. M'bukumo msodzi wa ku Tango wotchedwa Urashima anagwira kamba wamkulu amene anasanduka mkazi, ndipo awiriwo anapita ku dziko la osafa.

Monga imasimbidwira kwa ana masiku ano, Urashima Taro anapulumutsa kamba amene anyamata ankamuzunza m'mbali mwa nyanja. Pothokoza, kambayo anamubereka kupita naye kunyumba yachifumu ya pansi pa nyanja, kumene mwana wamkazi wa mfumu anamulandira bwino. Atakhala kanthawi, Urashima anakumbuka makolo ake ndipo anapempha kuti abwerere. Potsazikana anapatsidwa kabokosi, nauzidwa kuti asakatsegule. Atafika kumudzi kwawo sanapeze nyumba yake, kapena mayi ake, kapena munthu ndi mmodzi yemwe womudziwa, pakuti kumtunda kunali kutapita zaka 300. Chifukwa cha chisoni anatsegula kabokosi kaja, munatuluka utsi woyera, ndipo nthawi yomweyo anasanduka nkhalamba yotheratu.

Amisiri ankasema Urashima atakwera pa minogame, ndipo ena ankamusema atagwira kabokosi kake, nkhope itachita makwinya. Taganizani: anthu omwewo amene ankafunirana zaka 10,000 ankavalanso m'chiuno chithunzi cha munthu amene anapatsidwa zaka 300 n'kupeza kuti zilibe ntchito. Urashima sanasowe zaka. Anasowa anthu ake. Mpaka lero munthu akabwerera kwawo patapita nthawi yaitali n'kupeza zonse zitasintha, a ku Japan amati ali ngati Urashima Taro. Ndipo zikuoneka kuti mathero owawawa sankawakhalira bwino onse, chifukwa m'kasimbidwe kena ka zaka za m'ma 1400 ndi 1500 Urashima atatsegula kabokosi anasanduka tsuru, n'kukumananso ndi kamba wake. Osimbawo sanalole kuti atsale yekha.

Zimene Zinatsatira

Ulamuliro wa Tokugawa utatha mu 1868, amuna a m'mizinda anayamba kuvala masuti okhala ndi matumba, ndipo netsuke inasowa ntchito. Mu 1876 boma linaletsa kuyenda ndi malupanga, kotero amisiri okongoletsa zida nawonso anasowa owagula. Ambiri anayamba kusema zoika pathebulo zogulitsa kunja, ndipo netsuke zakale zinatengedwa zambirimbiri kupita ku Ulaya ndi ku America. N'chifukwa chake zina mwa zabwino kwambiri zili ku British Museum ndi ku Victoria and Albert Museum mumzinda wa London. Kumeneko kamba wosemedwa kuti azigwiridwa tsiku ndi tsiku amakhala kuseri kwa galasi.

Nanga kamba wamoyo zinamuthera bwanji? Apa mbiri ili ndi mbali ziwiri. M'nyengo ya Edo kunali mwambo wa Chibuda womasula zamoyo, ndipo pamilatho pankakhala anthu ogulitsa akamba kuti wogula awabwezere m'madzi. Mu 1857 wojambula Hiroshige anajambula kamba wotere atalendewera pa chingwe pamlatho wa Mannen, dzina lotanthauza zaka 10,000, akuyang'ana phiri la Fuji. Koma m'dziko lomwelo munalinso luso la bekko, lopanga zipeso, zokongoletsa tsitsi ndi mafelemu a magalasi kuchokera ku chigoba cha kamba wa m'nyanja wotchedwa taimai, makamaka mumzinda wa Nagasaki. M'zaka za m'ma 1900 Japan inkagula zigoba zimenezi zochuluka kuchokera kunyanja za m'madera otentha, ndipo inaleka kuziitanitsa pofika 1994, mayiko ena atadandaula kwambiri. Mtundu wa kamba umenewu uli m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu. Kulemekeza chizindikiro sikunateteze mwini wake.

Pemphero la moyo wautali, komabe, linayankhidwa ndithu. Mu 1963, pamene boma la Japan linayamba kuwerenga anthu a zaka 100 kapena kuposerapo, linapeza anthu 153. Pofika 2022 anali ataposa 90,000. Izi zinatheka chifukwa cha zipatala, madzi abwino ndi chakudya, osati chifukwa cha zosema. Koma pamodzi ndi dalitsoli panabweranso mawu atsopano akuti kodokushi, onena za imfa ya munthu wokhala yekha, amene amapezeka patapita masiku kapena milungu palibe anadziwa. Anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo okalamba, amafa motero chaka ndi chaka m'dzikomo. Mudzi umene Urashima anaupeza wopanda womudziwa sulinso wa m'nthano chabe.

Osema akale aja sanaone zimenezi, koma ntchito zawo zikusonyeza kuti ankadziwa za ngoziyo. N'chifukwa chake anamupatsa kamba mnzake wa tsuru, anamuberekesa ana, anamuika pambali pa nkhalamba ziwiri za Takasago, ndipo anasunga Urashima pafupi kuti azikumbutsa. Nafenso anzanga, tikamafunirana moyo wautali pa maukwati ndi m'makalata a chaka chatsopano, ndi bwino kufunsanso kuti zakazo tidzakhala nazo ndi yani, ndiponso kuti pakati pa achikulire athu ndi uti amene papita nthawi tisanakamuone.